Fumbi la Kumwezi ndi Injini za Pulazima: Mafunso ndi Mayankho

Kwa zaka pafupifupi 50, akatswiri a zamlengalenga akhala akubwereza ganizo limodzi: zombo zopita ku Mars ndi kupitirira apo zisamanyamule zonse zoziyendetsa kuchokera pansi pano, koma zizikatapa dothi la kumwezi. Munthu ukamva koyamba umayesa nthano. Ine ndimaona kuti mfundoyi ili ndi mutu, kungoti mawu oti fumbi lidzakhala mafuta amasocheretsa, ndipo ndi pomwe tiyenera kuyambira.

Kodi fumbi lingayendetse bwanji chombo pomwe siliyaka?

Siliyakadi. Dothi la kumwezi lili ngati phulusa, chifukwa zitsulo zimene zili mmenemo zinagwirana kale ndi okosijeni, ndiye palibenso choti chipse. Koma chombo cha mumlengalenga sichifuna moto kwenikweni. Chimafuna chinthu choti chiponye kumbuyo.

Taganizani za msodzi amene nkhafi yamupulumuka pakati pa nyanja tsiku lopanda mwera, koma m'bwato ali ndi mulu wa miyala. Akatola mwala n'kuuponya kumbuyo ndi mphamvu, bwato limasendera kutsogolo pang'ono. Akaponya wina limasenderanso. Mwalawo sunapse, mphamvu yachokera m'mkono mwake. Ndipo akamaponya mwaliwiro kwambiri, mwala uliwonse umamufikitsa patali, moti mulu wochepa umamukwanira mpaka kumtunda.

Mu roketi wamba, mafuta amagwira ntchito zonse ziwiri. Akayaka amapereka mphamvu, ndipo utsi wake ndi umene umaponyedwa. Mu injini ya pulazima ntchitozi zimalekana. Mphamvu imachokera ku magetsi a dzuwa kapena a nyukiliya, pomwe choponyedwacho chingakhale chilichonse chimene magetsiwo angachigwire n'kuchikankha. Fumbi la kumwezi likulowa pamalo a miyala ya msodzi uja.

Nanga pulazima n'chiyani?

Madzi oundana ukawatenthetsa amasungunuka, ukapitiriza amasanduka nthunzi. Ukaiwonjezera mphamvu nthunziyo mopitirira apo, maatomu ake amayamba kutaya tizigawo tawo totchedwa maelekitironi, ndipo chotsalacho chimakhala mpweya wokhala ndi mphamvu ya magetsi. Ndiyo pulazima. Mphezi ndi pulazima, dzuwa nalonso. Kuwala koboola m'maso kumene mumakuona pa shedi ya wowotcherera mageti, pakati pa nsonga ya ndodo ndi chitsulo, ndi pulazimanso.

Ubwino wake ndi woti imamvera magetsi ndi maginito. Injini imatha kuigwira popanda kuikhudza n'kuithamangitsa kutulukira kumbuyo. Utsi wa roketi yoyaka haidirojeni ndi okosijeni umatuluka pa liwiro la makilomita pafupifupi 4.5 pa sekondi, ndipo apo ndi pafupi ndi malire a moto. Injini ya pulazima ya chombo cha ku America cha Dawn inkatulutsa mpweya wolemera wotchedwa xenon pa makilomita oposa 30 pa sekondi.

Kusiyana kumeneku n'kwakukulu kuposa mmene kukuonekera. Potsatira masamu amene Konstantin Tsiolkovsky wa ku Russia anasindikiza mu 1903, chombo chofuna kuwonjezera liwiro lake ndi makilomita 6 pa sekondi chimafuna kuti pafupifupi magawo 74 pa 100 a kulemera kwake akhale mafuta ngati chikugwiritsa ntchito moto. Ndi injini yotulutsa pa makilomita 30 pa sekondi, magawo 18 okha akwana. Malo otsalawo ndi a katundu.

Kodi injini zoterezi zilipo kale, kapena ndi za papepala?

Zilipo, ndipo ndi zakale kuposa mmene ambiri amaganizira. NASA, bungwe la zamlengalenga la America, inayesa yoyamba mumlengalenga mu 1964 pa chombo cha SERT-1. Soviet Union inayamba kuika injini za pulazima za mtundu wotchedwa Hall pa masetilaiti ake a Meteor kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Deep Space 1 inanyamuka mu 1998, Hayabusa ya ku Japan mu 2003 n'kubwera ndi tizidutswa ta mwala wa Itokawa mu 2010. SMART-1 ya ESA, bungwe la zamlengalenga la ku Ulaya, inafika kumwezi ndi makilogalamu 82 okha a xenon m'thanki, ngakhale ulendowo unatenga chaka ndi miyezi.

Ine imene imandigwira mtima ndi Dawn. Inanyamuka mu 2007 ndi makilogalamu 425 a xenon, inazungulira Vesta, chimwala chachikulu cha pakati pa Mars ndi Jupiter, kuyambira 2011, inachokako n'kukazungulira Ceres, wamkulu kuposa Vesta m'dera lomwelo, mu 2015. Injini yake ikamakankha ndi mphamvu zonse, kukankhako kunali kofanana ndi kulemera kwa mapepala awiri a A4 ataikidwa pachikhato. Kuti ichoke poima n'kufika pa liwiro la basi pamsewu inkafuna masiku anayi. Koma inkakankha miyezi ndi miyezi osapuma, ndipo pomatha ntchito mu 2018 inali itadziwonjezera liwiro la makilomita oposa 11 pa sekondi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ngati xenon akugwira ntchito bwino chonchi, n'kumusiyiranji?

Ndi wosowa. Pa tizigawo 1 biliyoni ta mpweya umene timapuma, ta xenon ndi 87 tokha. Amapezeka ngati chotsalira m'mafakitale akuluakulu oziziritsa mpweya pofuna okosijeni wa m'ng'anjo za zitsulo, ndipo dziko lonse limapanga matani makumi angapo basi pa chaka. Chombo cha Psyche, chimene chinanyamuka mu Okutobala 2023, chinatenga wopitirira tani imodzi chokha. Chombo chokoka katundu wolemera wopita ku Mars chingafune matani makumimakumi paulendo umodzi.

N'chifukwa chake anthu ayamba kale kufuna zina. Masetilaiti a intaneti a Starlink anayamba ndi mpweya wa krypton, ndipo kuyambira 2023 atsopano akugwiritsa ntchito mpweya wa argon. Kampani ya ku France ya ThrustMe inayesa ayodini pa setilaiti imene inanyamuka mu Novembala 2020. Koma zonsezi zimafunabe kukwezedwa kuchokera pansi pano, ndipo vuto lenileni lagona pamenepo.

Bwanji kumwezi, osati kuno komwe zinthu zilipo zambiri?

Dziko lapansi lili ngati chitsime chakuya. Kuti chinthu chitulukiretu m'mphamvu yake yokoka chimafuna liwiro la makilomita 11.2 pa sekondi. Kumwezi akufunika makilomita 2.4 okha, ndipo ukawerengera mphamvu, kutulutsa kilogalamu imodzi kumwezi kumafuna gawo limodzi mwa magawo 22 a mphamvu yofunika kuno. Kulibenso mpweya wotchinga njira. Wotunga pa chitsime chosazama amadzaza ndowa msanga.

M'fumbimo muli chiyani?

Izi tikuzidziwa chifukwa dothilo linabwera kuno n'kupimidwa. Maulendo asanu ndi limodzi a Apollo, amene America inafikitsa nawo anthu pamwezi, pakati pa 1969 ndi 1972, anabweretsa makilogalamu 382 a miyala ndi dothi. Zombo za Luna za Soviet Union zinabweretsa magalamu mazana ochepa. Chang'e 5 ya ku China inabwera ndi magalamu 1,731 mu Disembala 2020, ndipo Chang'e 6 inabwera ndi magalamu 1,935 mu Juni 2024 kuchokera kuseri kwa mwezi kumene sitikuona tili pansi pano.

Chodabwitsa n'choti chochuluka kwambiri mmenemo ndi okosijeni, magawo oposa 40 pa 100 a kulemera kwake, pa malo opanda mpweya wopuma ngakhale pang'ono. Kenako silicon, pafupifupi gawo limodzi mwa asanu, n'kubwera aluminiyamu, kashiamu, chitsulo, magnesium ndi titanium. Malo akuda amene timawaona mwezi ukakhala wathunthu ali ndi chitsulo ndi titanium wambiri, pomwe mapiri oyera ali ndi aluminiyamu ndi kashiamu. Dothilo ndi lakuya mamita anayi kapena asanu m'zigwa zakudazo, ndipo kumapiri limapitirira mamita khumi. Kulikonse kumene chombo chingatere chilipeza.

Ndiye lingathiridwe mu injini momwe lililimo?

Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi amene amaikamba nkhaniyi mophweka. Fumbi la kumwezi silili ngati la mu Okutobala limene kamvulumvulu amalinyamula pamsewu. Lathuli mphepo ndi madzi zinalipera mpaka m'mbali mwake munasalala. La kumwezi linaswedwa ndi timiyala togwa kuchokera mumlengalenga kwa zaka mabiliyoni, popanda chilichonse cholisalaza. Theka lake kapena kuposerapo ndi tinthu tosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, takuthwa ngati botolo losweka, ndipo tambiri ndi galasi lenileni losungunuka n'kumatirira timiyala tina. Kuwala kwa dzuwa kumalipatsanso mphamvu ya magetsi, moti limamatirira chilichonse, monga mmene chipeso chokhudzidwa kutsitsi chimatolera tizidutswa ta pepala.

Amene anakumana nalo anasimba. Mu Disembala 1972, paulendo wa Apollo 17, nyundo imene inali m'thumba la Gene Cernan inakola madigadi yakumbuyo ya galimoto yawo n'kuithyola. Kungoyenda pang'ono, tayala linayamba kuwathira fumbi iwowo ndi zipangizo zawo, ndipo zipangizo zokutidwa ndi fumbi lakudalo zinkatentha padzuwa. Anachita kumata mamapu anayi ndi tepi n'kuwamangirira pamalo pa madigadiyo. Mnzake Harrison Schmitt atavula chisoti m'chombo anayamba kuyetsemula, mphuno zinatsekeka, maso anafiira. Ankati fungo lake linali ngati la onga wa mfuti. Masiku atatu okha, koma zovala zawo zinali zitaperepeseka ndipo zolumikizira zinayamba kulimba.

Tsopano chinthu chimenecho muchilowetse m'mapaipi opyapyala ndi mavavu a injini yoyenera kugwira ntchito zaka zingapo popanda makaniko. Ndipo limenelo ndi vuto loyamba chabe. Kuti fumbi lisanduke pulazima liyenera kusungunuka pa madigiri oposa 1,000, kenako lisanduke nthunzi, kenako maatomu ake alekanitsidwe, kenako ataye maelekitironi. Sitepe iliyonse imadya magetsi asanayambe n'komwe kukankha chombo. Chotulukacho chimakhala chisakanizo cha maatomu olemera mosiyanasiyana amene sathamanga mofanana. Choipitsitsa, nthunzi ya mwala ikakhudza khoma lozizirirapo imabwerera kukhala galasi, n'kumata mkati mwa injini. Xenon sachita zimenezo, amangotuluka.

Nanga liyengedwe bwanji?

Mofanana ndi mmene makolo ankayengera chitsulo m'ng'anjo, kulekanitsa chitsulo ndi mwala, kungoti kumwezi kulibe makala. Njira imene yayesedwa bwino ndi ya magetsi. Mu 2020, Beth Lomax ndi Alexandre Meurisse anaonetsa makina ake ku ESTEC, malo a ESA ku Noordwijk m'dziko la Netherlands. Dothi lofanizira la kumwezi amaliika m'kadengu n'kulimiza mu mchere wa calcium chloride wosungunuka pa madigiri 950, kenako n'kudutsitsamo magetsi. Dothilo silisungunuka, koma okosijeni amachokamo n'kusonkhana mbali imodzi, ndipo m'kadengu mumatsala ufa wa zitsulo zosakanikirana. Pa kafukufuku wa Lomax ku yunivesite ya Glasgow, magawo 96 pa 100 a okosijeni anatuluka m'maola 50. Njirayi inachokera ku Cambridge, ndipo kampani ya ku Britain ya Metalysis imaigwiritsa ntchito kuyenga zitsulo pansi pano, kumene okosijeniyo alibe naye ntchito.

Kampani ya ku America ya Blue Origin inalengeza njira ina mu 2023, yosungunula dothi lenilenilo pa madigiri oposa 1,600 popanda mchere. Imafuna kutentha kwambiri, koma sifuna kuti mchere uzichokera kuno.

Likayengedwa, chopita mu injini ndi okosijeni kapena zitsulo?

Okosijeni ndi wochuluka, ndipo fakitale iliyonse yoyenga zitsulo kumwezi idzakhala naye wosefukira. Koma ali ndi khalidwe loipa. Okosijeni wotentha amadya zitsulo, makamaka kachipangizo kotulutsa maelekitironi kamene injini za Hall zimadalira. Ndiponso atomu yake ndi yopepuka kasanu ndi katatu kuposa ya xenon, kutanthauza kuti pa kilogalamu imodzi pali maatomu ochuluka kasanu ndi katatu oti uwachotse maelekitironi, aliyense ndi mtengo wake wa magetsi. Angayenerane ndi injini zimene zimatenthetsa mpweya ndi mafunde a wailesi n'kuugwira ndi maginito popanda chitsulo chokhudza pulazima. Yodziwika ya mtundu umenewu ndi VASIMR ya Franklin Chang-Díaz, mbadwa ya ku Costa Rica amene anapita mumlengalenga kasanu ndi kawiri. Mu 2021 inagwira ntchito maola 88 pa makilowati 80 mu labotale, koma inkagwiritsa ntchito argon, ndipo sinaulukepo.

Mtima wanga uli ku zitsulo. Magnesium amataya elekitironi mosavuta kuposa xenon, ndipo ku Michigan Technological University anayendetsapo injini ya Hall ndi magnesium komanso zinc. Aluminiyamu ndi wambiri koma wovuta, chifukwa amasungunuka pa madigiri 660 koma kuti awire amafuna pafupifupi 2,500. Njira yozemba vutoli inachokera ku Australia, kwa Paddy Neumann. Injini yake imagwira ntchito ngati ndodo ya wowotcherera uja: magetsi amathetheka pansonga ya ndodo yachitsulo, kachigawo kakang'ono ka chitsulocho kamasanduka pulazima n'kuthamangira kunja, kenako kuthethekanso. Palibe thanki, palibe paipi, palibe vavu. Ina mwa injinizi inakwera pa setilaiti ya SpIRIT ya yunivesite ya Melbourne mu Disembala 2023, ili ndi ndodo ya molybdenum. Ndi yaing'ono, ya masetilaiti onyamulika m'manja, ndipo pakati pa iyo ndi chombo chokoka matani pali mtunda wautali. Komabe ndodo yachitsulo ndi chinthu chimene fakitale yaing'ono ya kumwezi ingathe kuumba, n'kuchisunga zaka osatayikira.

Palibe njira yongoponya fumbilo osaliyenga?

Ilipo, koma si pulazimanso. Gerard O'Neill wa ku Princeton anaganiza za njanji ya maginito yothamangitsa tizidebe todzaza dothi n'kulimwaza kumapeto, ngati legeni yaikulu yamagetsi. Iye ndi Henry Kolm anamanga yoyeserera ku MIT cha m'ma 1977. Cholinga chachikulu chinali kuponya dothi kuchokera pamwezi kupita mumlengalenga, koma anaonanso kuti njanji yomweyo itaikidwa pa chombo ingachikankhe. Palinso makina a ku yunivesite ya Colorado ku Boulder amene amapatsa kafumbi mphamvu ya magetsi n'kukathamangitsa pa makilomita makumimakumi pa sekondi, koma amatero kamodzikamodzi, pofufuza za kugunda kwa fumbi, osati poyendetsa chinthu.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kumene fumbilo limapita. Pulazima imamwazika atomu ndi atomu. Mchenga woponyedwa umakhalabe mchenga, ndipo kamchenga kothamanga makilomita angapo pa sekondi kamaboola. Chombo chotaya matani a zimenezi panjira yodutsa ena chikuwatchera msampha.

Magetsi ake achokera kuti?

Funso lalikulu ndi limeneli, kuposa la fumbi. Injini ya Dawn inkadya makilowati 2.3 kuti ipereke kukankha kwa mapepala awiri kuja. Pa mlingo umenewo, kukankha kofanana ndi kulemera kwa magalamu 100 kumafuna makilowati 25. Ndipo dzuwa limachepa mphamvu ukamatalikira: ku Mars limafika ndi magawo 43 pa 100 a mphamvu yake ya kuno, ku Jupiter magawo anayi okha. Fakitale yoyenga nayo ili ndi vuto lake, poti usiku wa kumwezi umatenga masiku 14 athu, kupatula pamwamba pa zitunda zina za kummwera kwenikweni kumene dzuwa limakhalitsa.

Ndiye nyukiliya. America inatumizapo mumlengalenga riyakitala (makina opanga mphamvu ya nyukiliya) imodzi yokha, SNAP-10A mu 1965, ndipo inagwira ntchito masiku 43. Mu 2018 NASA inayesa ina yaing'ono yotchedwa KRUSTY m'chipululu cha Nevada ndipo inayenda bwino, koma ndi ya makilowati ochepa.

Kodi anthu adzafika ku Mars msanga ndi injini zimenezi?

Chang-Díaz ananenapo za ulendo wa masiku 39, ndipo nambalayi inafala kwambiri. Chimene sichifala n'choti ulendowo umafuna mamegawati 200 a magetsi m'chombo, kuposa amene amapangidwa ku Kapichira pa mtsinje wa Shire, pafupifupi 130, ndipo makina ake akhale opepuka moti n'kuuluka nawo. Zoterozo kulibe. Ntchito yoyenera injini ya zitsulo za kumwezi ndi ya ngolo: kutsogoza chakudya, nyumba ndi zipangizo chaka chimodzi kapena ziwiri anthu asananyamuke, n'kubwerera kudzatenga zina.

Madzi oundana a kumwezi sangapose fumbi?

Pa zina amaposa. Mu Okutobala 2009 NASA inagwetsa dala chidutswa cha roketi m'chigwa cha Cabeus kummwera kwa mwezi, ndipo chombo cha LCROSS chinapeza madzi m'fumbi limene linabuka. Madzi ndi osavuta kusandutsa nthunzi, ndipo injini zamagetsi zazing'ono zoyendera madzi zinayesedwa kale mumlengalenga. Koma ali m'maenje amdima amene dzuwa silifikamo, ozizira kupitirira madigiri 200 pansi pa ziro, ndipo omwewo ndi amene anthu adzamwe, adzapume okosijeni wake ndi kupangira mafuta a roketi zonyamukira pamwezi. Madzi oponyedwa kunja kwa injini sabwereranso. Ndingakonde kuti asungidwire anthu, injini zidye miyala.

Fumbilo ndi la ndani?

Pangano la mayiko la 1967 limati palibe dziko lingatenge mwezi kukhala lake, koma silinena momveka za dothi limene munthu wakumba. America mu 2015 ndi Luxembourg mu 2017 anakhazikitsa malamulo oti chokumbidwa ndi cha wokumba. Mu Disembala 2020 NASA inagwirizana ndi makampani angapo kuti idzagule dothi la kumwezi, ndipo ina, Lunar Outpost, inavomera mtengo wa dola imodzi. Nkhani sinali ya ndalama, ankafuna kuika chitsanzo choti dothilo lingagulitsidwe. Mgwirizano wa mayiko wa Artemis wa 2020, wotsogoleredwa ndi America, umatsatira maganizo omwewo, ndipo Nigeria ndi Rwanda anasaina mu 2022, Angola mu 2023, pomwe South Africa inalowa m'ntchito ya China yomanga malo ofufuzira kumwezi. Fumbi wamba ndi lochuluka moti palibe angalimbirane. Mkangano udzakhala pa zitunda zochepa za dzuwa zija ndi maenje a madzi ali pafupi nazo.

Kodi alipo anayesa zonsezi ndi fumbi lenileni la kumwezi?

Palibe injini imene inaulukapo ndi chinthu chochokera m'dothi la kumwezi, ndipo palibe makina amene anayengapo dothi ali pamwezipo. Choyandikira kwambiri chinachitika ku Mars, kumene kabokosi kotchedwa MOXIE pa galimoto ya Perseverance kanapanga magalamu 122 a okosijeni kuchokera mumpweya wakumeneko pakati pa 2021 ndi 2023. Pa nkhani yolimbana ndi fumbi, chombo cha Blue Ghost chimene chinatera mu Malichi 2025 chinayesa chipangizo cha NASA chosasa fumbi pagalasi ndi magetsi, ndipo chinasasadi.

Makilogalamu 382 a Apollo aja ndi amtengo wapatali moti amagawidwa pa magalamu, ndiye ofufuza amagwiritsa ntchito dothi lofanizira. Mitundu iwiri ya dothilo ndi JSC-1 ndi EAC-1: JSC-1 inapangidwa ndi phulusa la phiri lophulika pafupi ndi Flagstaff ku Arizona, ndipo EAC-1 imachokera ku miyala ya ku Germany. Zimafanana ndi za kumwezi pa zitsulo zimene zilimo, koma zilibe galasi lakuthwa lomatirirana lija, zilibe timadontho ta chitsulo tosaoneka ndi maso timene tili m'fumbi lenileni, ndipo zimayesedwa pansi pano pomwe chinthu chimalemera kasanu ndi kamodzi kuposa kumwezi. Ufa umene umatsika bwino m'faneli ku Noordwijk ungathe kukakamira pakhosi pa faneli yomweyo kumwezi, ndipo thovu la okosijeni mu mchere wosungunuka silingakwere msanga ngati kuno. Makina oyamba oti akayankhe zimenezi safunika kukhala aakulu: bokosi lotera ndi chombo chopanda munthu, lotapa dothi lodzaza kapu, n'kutulutsa magalamu ochepa a okosijeni ndi kandodo kamodzi kachitsulo.